Zilembo Zosalazidwa za a Levulo

Apongozi anga aamuna anthu amawatchula kuti a Levulo. Dzina lawo lenileni lilipo, lili pa chiphaso, koma ngakhale mwana wawo weniweni, amene ndi mwamuna wanga, akamalondolera munthu njira ya kwathu amati, "Mukafunse kwa a Levulo." Dzinali analipata pa ntchito yawo yopaka pulasitala, chifukwa levulo, kachitsulo kaja kokhala ndi kadontho ka madzi pakati koonera ngati khoma lawongoka, sankasiyana nayo. Pa ukwati wanga anabwera nayo m'thumba la jekete. Ndinawaona ndi maso angawa akuyeza tebulo la keke, kenako n'kupinda kapepala, kukaika pansi pa mwendo umodzi.

Anayamba ali wamng'ono, akusefa mchenga, ndipo anatha zaka makumi anayi ndi chimodzi akumata makoma a anthu: masitolo, makalasi, nyumba za mabwana zimene zikangotha sankaloledwanso kupondamo. Sukulu analekezera kalasi yachitatu. Koma zilembo zazikulu amazidziwa zonse, ati anazimalizira pa matumba a simenti ndi pa zikwangwani za pamsewu.

Ntchito imeneyi inawasiyira matenda, ndipo ine ndimati ndi matenda ndithu. Chilichonse chokumbikakumbika iwo amachisalaza. Majarini ife timakumba m'chitini mmene tafunira, iwo amabwera pambuyo ndi mpeni, kusalaza bwinobwino mpaka m'mbali, ngati chitinicho changotsegulidwa kumene. Shuga m'botolo, chimodzimodzi. Mpunga ukawaikira m'mbale, amayamba aupanga fulati ndi kumbuyo kwa supuni, kenako n'kumadya kuyambira kukona.

Chaka chimene anagwa pa makwerero n'kuthyola bondo ndi chaka chomwechonso chimene apongozi anga aakazi anamwalira. Tinawatenga kudzakhala nafe. Miyezi yoyamba ija munthuyu anali ngati palibe. Ankangokhala pakhonde kuyambira m'mawa, manja pamaondo, tiyi n'kuzizira pambali. Ndinkachita mantha kuti tsiku lina ndidzawapeza atauma pampando pomwepo.

Amene anawadzutsa ndi mwana wanga wamkazi. Mtsikana wantchito atatithawa, mwanayu ali ndi zaka ziwiri, ine ndikusowa pogwira, apongozi anangoti, "Musiyeni ndi ine, mayi." Pasanathe sabata anayamba kudya. Pasanathe mwezi ndinawamva akuseka kuseri kwa nyumba. Mwanayo ankawalamula ngati ndiye wawalemba ntchito: agogo khalani apa, agogo nyamulani ichi, agogo mwachedwa. Iwo n'kumupatsa dzina loti Kapitawo, ndipo lero ngakhale ine mayi wake ndikamuitana ndi dzina limene ndinamupatsa, sacheuka. Ndinene mosabisa: moyo wa apongozi anga unali pa mwana ameneyu, kuyambira seveni koloko m'mawa mpaka ine nditabwera.

Tsono vuto linachokera kuntchito kwanga. Ine ndimagulitsa m'sitolo ya makope, mapensulo, choko ndi zofufutira. Mukudziwa anthu obwera m'sitolo yotereyi? Azimayi odzitama ndi ana awo. Munthu wabwera kudzagula pensulo imodzi yokha, koma akuuza mbiri yonse ya mwana wake kuyambira dzino loyamba. Tsiku lina mayi wina wa wigi yofiira anatulutsa kope m'chikwama, kuliyala pa kauntala yanga. Masamba atatu, A yekhayekha, m'mizere mwake.

"Zaka zitatu zokha," anatero. "Wanu uja ali pati?"

"Akubwera bwino," ndinayankha.

Akubwera bwino kuti? Kapitawo anali ndi zaka zinayi ndi theka, ndipo pensulo ankaidziwa ngati chokandira m'khutu. Tsiku limenelo ndinakwera minibasi n'kudutsira ku sukulu ya mkaka ya kumapeto kwa msewu wathu, aphunzitsi n'kundiuza kuti malo alipo, angayambe tsiku lililonse.

Nditawauza apongozi, anaika kapu pansi pang'onopang'ono.

"Akapita kumeneko azibwera nthawi yanji, mayi?"

"Folo koloko, Bambo."

"Tsiku lililonse?"

"Kupatula Loweruka ndi Lamulungu."

Anasisita bondo lawo lija. Kenako anati, "Kusukuluko akukafuna chiyani chimene pano palibe?"

"Zilembo, Bambo. Mwana aphunzire kulemba."

"Zilembo basi? Zomwe zijazi? Ndipatseni mwezi umodzi."

Ndinafuna kuseka, koma nkhope yawo sinali yoseketsa. Tinapangana choncho: Loweruka lomaliza la mwezi, masana ndikaweruka, Kapitawo adzalembe zilembo papepala ndi pensulo, ine ndikuona. Akalemba, akhala ndi agogo ake mpaka nthawi ya sukulu yaikulu. Akalephera, Lolemba lake yunifolomu. Ndinaimbira mwamuna wanga, amene amayendetsa thiraki ndipo nkhani zonse zovuta zimamupeza ali kutali. Anamvetsera mbali zonse ziwiri n'kunena kuti, "Nonse mukunena zoona. Halo? Halo? Netiweki ikudula." Munthu ameneyu netiweki imamudulira pa nthawi yabwino nthawi zonse.

M'mawa mwake ndikuchoka ndinasiya makope awiri ndi mapensulo atatu patebulo. Pobwera ndinawapeza pomwepo, atasanjidwa bwinobwino, osakhudzidwa. Koma kuseri kwa nyumba kunali kutasintha. Apongozi anatenga chitseko chakale cha bafa chimene chinkangowola pampanda, kuchigoneka pa njerwa zinayi, kukhoma timatabwa m'mbali, kudzazamo mchenga wosefa. Anamusemeranso mwana kathabwa kosalazira, kofanana ndi kawo, kachigwiriro kokwana dzanja lake.

Zimene ankachita masana onsewo ndinadzazimva pambuyo pake, zina kwa iwo, zambiri kwa mwiniwake Kapitawo. Chilembo sankati kulemba, ankati kumanga. Chilichonse chinali ndi mawu ake, ndipo mwana ankayenera kuwatchula mokweza chala chikuyenda mumchenga. L anali "khoma, maziko." T anali "mzati wasenza thabwa." H anali "mzati, mzati, mtanda." A anali "denga, denga, mtanda." O anali "kamwa la ndowa." E anali "khoma la mashelefu atatu." B anali "mzati wa mimba ziwiri," ndipo ameneyu ati Kapitawo ankamukonda kwambiri chifukwa ankafanana ndi kontirakita wina amene agogo anamugwirira ntchito.

Dzuwa likakwera ankasiya mchenga n'kupita pakhoma la mpanda ndi ndowa ya madzi ndi burashi yopentera. Mwana ankalemba chilembo chachikulu ngati iye mwini, n'kumathamanga kuti amalize dzuwa lisanachimwe. Apa ndi pamene anamuphunzitsa lamulo loyamba la ntchito yawo, loti khoma louma silimata, uyambe walinyowetsa. Ankayala chingwe pansi mokhotakhota, mwana n'kumayenda pamwamba pake wopanda nsapato, maso atatseka, kuti mapazi amuuze kuti ameneyu ndi S. Anadula zilembo pa sandipepa kuti azizipapasa. Ankamulemba pamsana ndi chala kuti alote. Nthawi zina ankakanya timatope ta simenti pang'ono, kumata pa njerwa, mwana n'kulembapo ndi msomali, kenako kusalaza zisanaume.

Ine zonsezi sindinkaziona. Chimene ndinkaona ndi chiwonongeko. Chingwe changa choyanikira zovala chinasowa. Burashi inasowa. Ufa wa tirigu umene ndinasungira keke ya mwanayo unatha theka, ati tsiku la mvula anasamutsira ntchito m'khitchini, pathireyi yanga. Mchenga unali paliponse: m'tsitsi la mwana, m'makutu, m'bedi, m'matumba a diresi. Tsiku lina ndinauluma mu buledi.

Ndipo madzulo aliwonse nkhani inali imodzimodzi.

"Bambo, lero mwachita chiyani ndi mwana?"

"Tamanga L ndi T, mayi. T anativuta pang'ono, thabwa limapendekeka, koma pofika masana anaima."

"Ali kuti?"

"Ndani?"

"T."

"Aa, tasalaza."

Ndinkapita kuseri kukaona. Mchenga uli see, wopanda ndi phazi la nyerere lomwe. Khoma louma. Chingwe chokulungidwa pamsomali. Timatabwa tiwiri totsukidwa, kakakulu ndi kakang'ono, titatsamira khoma.

"Mukanasiya kuti ndione, Bambo."

"Kusiya?" Anandiyang'ana ngati ndawauza kuti agone ndi nsapato. "Mayi, munthu saweruka ntchito ili yofukulidwa choncho. Anthu odutsa anena kuti pano pakugwira ndani?"

"Anthu ake ati? Kuseri kuno kumadutsa mphaka yekha."

"Mphakayo ndiye amakonda mchenga wofukulidwa."

Ndinati chabwino, ndifunse mwiniwake. "Kapitawo, tabwera undilembere T pamchengapa."

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Taweruka, Amama. Mubwere mawa seveni koloko."

Seveni koloko ine ndimakhala ndili pa siteji ya minibasi. Loweruka ndimaweruka wani koloko, iwo amaweruka thwelofu. Lamulungu ndikati ndiyese, yankho linali lakuti, "Lero si la ntchito." Mwana wa zaka zinayi, wobereka ndekha, kundiuza za maola a ntchito! Foni ya apongozi ndi ija ya mabatani, yopanda kamera, ndiye zoti ajambule panalibe.

Sabata yachitatu ndinawachonderera. Ndinati Bambo, tsiku limodzi lokha, siyani chilichonse mmene chiliri, ndikadzaona mudzasalaze pamaso panga. Anavomera movutikira. Lachinayi ndinabwera mothamanga, chikwama osaika pansi, molunjika kuseri. Mchenga uli see.

"Mayi, ndinayesetsa," anatero, akuoneka kuti achitadi manyazi. "Tinamanga zisanu ndi chimodzi, zokongola. Folo itakwana ndinatembenuza mpando, kuyang'ana kumpanda, manja ndinachita kuwakhalira. Nditacheuka ndinapeza Kapitawo wamaliza kale, akutsuka kathabwa."

"Agogo anaiwala," anatero mwanayo. "Ndawathandiza."

Apa ndiye ndinatsimikiza mumtima kuti anthu awiriwa akundiseweretsa. Ndinati palibe chilembo chimene chikumangidwa pano, nkhalamba ndi mwana angopezana okonda matope. Ndinagula yunifolomu mwakachetechete n'kuibisa pansi pa sutukesi.

Loweruka lija linafika. Apongozi anameta ndevu, kuvala shati ya kolala. Anali atakambirana kale ndi Kapitawo kuti lero kuli ovataimu chifukwa kukubwera woyendera ntchito, ndipo woyenderayo ndinali ine. Ndinayala nsalu yoyera patebulo la pabalaza, kuika pepala ndi pensulo yatsopano yosongoka bwino. Mwana anakwera pampando, kugwada kuti afikire. Agogo ake anaima pakhomo, manja kumbuyo.

"Yamba ndi A," ndinatero.

Kapitawo anapapasa pepalalo ndi chikhatho. Analigogoda ndi chala. Kenako anacheukira agogo ake.

"Agogo, n'louma."

Apongozi anatsokomola. Ndisanamvetse chimene chikuchitika, mwana anali atatsika, wapita kukhitchini, wabwera ndi kapu ya madzi. Anaviika zala, kuwaza pang'ono, kuyang'ana, kuona kuti sizikukwana, n'kukhuthula kapu yonse.

"Mayo, nsalu yanga! Iwe, ukutani?"

"Ndikunyowetsa. Louma silimata."

Anabaya pensulo, pepala n'kung'ambika pakati ngati buledi wa mu tiyi. Ndinapukuta tebulo ndikudziluma milomo, kutulutsa pepala lachiwiri. Ndinati madzi ayi, kusukulu sanyowetsa makope. Anandiyang'ana mondimvera chisoni, koma anavomera. Anagwira pensulo ndi nkhonya yonse, kuimirira pampando, kukweza phewa, n'kukuwa kuti, "Denga!" Mzere unayambira pamwamba pa pepala, kutsika, kutuluka m'pepala, kudutsa pansalu, mpaka kukafika m'mphepete mwa tebulo. Pensulo n'kuthyoka.

"Pepala lanu n'laling'ono, Amama," anatero. "A sangakwanemo. Munayeza?"

Pakhomo paja ndinamva kaphokoso, sindikudziwa ngati apongozi ankaseka kapena ankabuula. Ndinasongola pensulo, kutulutsa pepala lachitatu, kumugwira dzanja kuti aone kuti chilembo chimakhala chaching'ono, chokwana pakati pa mizere iwiri. Anayesa. Lilime kunja, mphuno pafupi ndi pepala. Koma zala zake zinali zisanagwirepo kanthu kowonda choncho, ndipo denga linatuluka lokhota. Anaona yekha kuti lakhota. Anatambasula chikhatho, kusisita papepala kuti asalaze ayambirenso. Mzere uli pomwepo. Anasisitanso mwamphamvu. Uli pomwepo, wangoda.

"Agogo, sichikusalala!"

Anasisita kachitatu, kenako anaponya pensulo pansi n'kuyamba kulira kulira kwenikweni, kosachita kupanga. Mwana ameneyu anali asanaonepo cholakwa chokana kuchoka. Ndikanakhala munthu wanzeru ndikanatulutsa chofufutira, poti ndimagulitsa zomwezo tsiku lililonse. Koma ine mutu unali utatentha kale, ndikuona wigi yofiira ija m'maso mwanga.

"Mwezi wathunthu!" ndinakuwa. "Mwezi wathunthu kusewera ndi matope! Ufa wanga, chingwe changa, mchenga mpaka m'buledi, chilembo ndi chimodzi chomwe palibe! Bambo, mwandichedwetsera mwana. Lolemba akupita."

Sindinawalankhulepo choncho apongozi anga chikwatiwireni. Mawu atatuluka ndinamva manyazi mpaka kumapazi. Iwo sanakweze mawu. Anatola pensulo ija pansi, kuiika patebulo moongoka, n'kunena kuti, "Ndamva, mayi." Anatuluka akukoka mwendo wawo uja.

Ndinakakhala pa sitepe ya khonde, dzuwa likupendeka, ndikudzikwiyira ndekha komanso ndikukwiyira aliyense. Patapita nthawi ndinamva timapazi kumbuyo. Kapitawo sasunga mkwiyo nthawi yaitali, amaona ngati n'kutaya nthawi ya ntchito. Anatsamira pamsana panga, akufwenthera pabulauzi yanga. Kenako ndinamva kachala.

Mzere kutsika kuchokera paphewa lamanzere. Wina kutsika kumanja. Wina wopingasa pakati.

"Ndani ameneyu, Amama?"

Anabwereza, uku akunong'ona, "Mzati, mzati, mtanda."

"H," ndinatero.

"Mwakhoza." Anasisita msana wanga wonse ndi chikhatho, kuchokera m'mwamba mpaka m'munsi. "Tasalaza. Nanga uyu?"

Denga, denga, mtanda. Woongoka bwinobwino, nsonga yake pakhosi panga penipeni, miyendo yake m'chiuno. A yemwe uja anakana kukwana papepala, pamsana panga anakwana. Kenako kamwa la ndowa. Kenako khoma la mashelefu atatu. Mzati wa mimba ziwiri anandigirigisha m'nthiti mpaka ndinadumpha, iye n'kundikalipira kuti khoma silisuntha. Ndinayamba kuwerenga ndi zala. Chimodzi ndinalephera kulota, anandibwerezera katatu n'kundiuza kuti ndine wochedwa kugwira zinthu. Tinafika makumi awiri ndi ziwiri. Zinayi zotsalazo ati zikubwera sabata ya mawa, zipangizo zake sizinafike.

Ndinalira, ndisaname. Ndinalira ndikuseka, mwana n'kumandifunsa ngati wandikanda. Mwezi wonse ndinkafufuza zilembo pamchenga, pakhoma, m'makope, pamene zonse zinali m'kachala kameneka.

Ndinawapeza apongozi kuseri, atakhala pa ndowa yovundikira. Mchenga anali atauwolera kale m'thumba. Chitseko chija anali atachitsamiritsanso pampanda pamene anachitenga, ndipo ankazula misomali pa timatabwa ta m'mbali, kuiwongola umodziumodzi ndi hamala.

"Bambo, ndalakwa. Ndikhululukireni. Mwana akudziwa, wandilemba pamsana zilembo makumi awiri ndi ziwiri."

"Ndi zitatu," anatero osadzutsa mutu. "Q amamudziwa, koma amadana naye."

"Ndiye bwezeretsani mchengawo. Mwapambana. Sapita."

Anawongola msomali wina, kuuyang'ana ndi diso limodzi, kuuika m'chitini.

"Tinapangana papepala, mayi. Ntchito ikakanidwa ndi woyendera, mmisiri sayamba kufotokoza kuti dzulo inali bwino."

"Woyenderayo ndi ine, ndipo ndasintha maganizo."

"Ayi, apite." Anaika hamala pansi. "Pali chimene sindinakuuzeni. Ana a sukulu ija amadutsa pageti pano masana akamapita kukasewera kubwalo, atagwirana manja awiriawiri, akuimba. Kapitawo akangowamva amasiya chilembo pakati. Amakaima pageti, mphuno pakati pa zitsulo, mpaka womaliza atakhota. Ndikamuitana amati, agogo dikirani. Anayamba kale zimenezi, mwezi uno usanayambe. Ine ndinkaona, koma ndinkangoti mwina mawa asiya. Ndinkamukokera ndi chingwe, ndi ufa wanu, ndi chilichonse. Zilembo ndinamuphunzitsa, inde. Koma ndinkadziphunzitsira ndekha kuti ndisatsale pakhonde paja."

"Bambo..."

"Lero walira chifukwa cha pepala. Ine pepala sindilidziwa, mayi, ndimadziwa zonyowa. Apite akaphunzire zouma kwa eni ake, ali ndi anzake. Yunifolomu ija itulutseni pansi pa sutukesi, ichita makwinya."

Ndiye kuti ankadziwa ndi za yunifolomu zomwe. M'nyumba muno munthu sungabise kanthu pansi pa chinthu n'kuchisiya chitapendekeka.

Lamulungu lonse ndinayesa kuwanyengerera. Ndinaimbiranso mwamuna wanga kuti alankhule ndi bambo ake, iye n'kunena kuti akulowa m'phiri. Ndinafunsa Kapitawo ngati akufuna kupita kusukulu kapena kukhala ndi agogo. Anati akufuna zonse, agogo apite nawo, akakhale kumbuyo. Atauzidwa kuti mipando yake ndi yaing'ono, anaganiza pang'ono n'kunena kuti, "Ndiye adikire. Ndizibwera folo." Apongozi anaseka kwambiri kuposa mmene nkhaniyo inkaseketsera.

Lolemba ndinapempha kuntchito kuti ndichedwe. Apongozi anasita yunifolomu okha, kuvala jekete, n'kunena kuti mwana amuperekeza ndi iwo. Tinayenda atatu, iwo akutsimphina, Kapitawo akuwakoka dzanja kuti achedwetsa anthu. Pageti la sukulu tinapeza aphunzitsi, mtsikana wamng'ono wa nkhope yabwino, atanyamula kaundula. Apongozi anavula chipewa.

"Aphunzitsi, ndabweretsa ntchito yanga. Ndikufotokozereni pang'ono."

"Fotokozani, agogo."

"Musamufulumize. Akalakwitsa mumuonetse chofufutira msanga, asanalire. Pepala mumupatse lalikulu kaye, muzichepetsa pang'onopang'ono. Akapempha madzi mufunse ngati ndi akumwa."

Aphunzitsi anandiyang'ana. Ine ndinangogwedeza mutu kuti lembani zimenezo, n'zofunika.

"Chilembo akachiiwala musamukalipire, mumulembe pamsana. Q musalimbane naye. Ndipo folo koloko amaweruka."

"Ifenso timaweruka folo, agogo."

"Ndiye mugwirizana."

Anawerama movutikira, bondo likulira, kuti amukonze kolala imene inali yokonzeka kale. Anayamba kunena kuti, "Tsono Kapitawo, ukakhale..." Koma m'bwalo munali mutalira belu, ana akuthamangira pamzere, ndipo kamtsikana kena kanali katamukodola. Kapitawo anasolola dzanja lake m'dzanja la agogo ake n'kuthamanga, chikwama chikudumpha pamsana. Sanacheuke. Tinamumva ali kale pakati pa anzake akukuwa kuti, "Mzerewu wakhota! Iwe, bwera kuno!"

Aphunzitsi anatseka geti. Ine ndinati, "Tiyeni, Bambo, ndikuperekezeni kunyumba ndisanakwere minibasi."

Anali atatembenukira khoma la mpanda wa sukuluyo, nkhope pafupi penipeni ndi pulasitala, akuliyendetsa chikhatho pang'onopang'ono.

"Pitani, mayi, muchedwa kuntchito," anatero. "Ine ndiyambe ndaona khomali. Amene anamata apa ndi wakuba, simenti anaika yochepa."

Ndinaima pakona n'kucheuka. Ana anali atalowa kale m'kalasi, bwalo lili zii. Iwo anali pomwepo, chipewa m'dzanja limodzi, dzanja linalo pakhoma, ndipo khomalo linalibe vuto lililonse.